Batire la sola la lithium la 12.8V 100Ah: labwino, koma musalilere ngati la asidi

Chilala cha 2024 chinasintha katundu wa m'mashopu a zamagetsi mu Chipata. Madzi atachepa kwambiri ku damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kugawa malaiti mwa apo ndi apo, ndipo pofika Seputembala chaka chimenecho makomo ambiri ankakhala mumdima maola oposa 17 pa tsiku. Aliyense amene anali ndi kangachepe m'thumba anathamangira sola. Kuchokera nthawi imeneyo, mukazungulira ku Down Shops kapena m'mashopu a m'mphepete mwa msewu wa Umodzi, simulephera kuona bokosi la pulasitiki lolembedwa LiFePO4 12.8V 100Ah litakhala pambali pa mabatire akale a asidi ndi a gel. Mayina a pamabokosiwa ndi ambirimbiri, ena odziwika, ena ongomatapo, koma za m'kati n'zofanana kwambiri, choncho ndemanga ino ikunena za mtundu wonsewo.

Tisazungulire. Batireli ndi labwino, ndipo kwa munthu amene amaligwiritsa ntchito usiku uliwonse limaposa la asidi kutali. Chovuta n'chakuti ambiri amaligula n'kukalilera monga ankalerera la asidi lija: controller yomweyo (kabokosi koyendetsa magetsi a panelo polowa m'batire), mawaya omwewo, pakona yomweyo yotentha pansi pa malata. Likafooka pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri amati lithium ndi bodza, pamene chalakwa ndi zimene analilumikizako.

M'kati mwa bokosi muli maselo anayi olumikizidwa motsatizana. Selo lililonse limapereka 3.2V, ndiye onse anayi amakwana 12.8V. Selo siliyenera kukwera kupitirira 3.65V potchaja, komanso siliyenera kutsika pansi pa 2.5V. Mlonda wa malire amenewa ndi kabolodi kotchedwa BMS, kamene kamakhala pamwamba pa maselo. BMS imadula magetsi selo lina likadzaza mopitirira, likatsika mopitirira, mukakoka magetsi oposa mlingo wake, kapena mawaya akagundana. Mtundu uwu wa lithium, wa LiFePO4, wophatikiza chitsulo ndi phosphate, unachokera m'kagulu ka John Goodenough ku University of Texas cha m'ma 1996. Sugwira moto msanga ngati wa m'mafoni ndi m'malaputopu. Ndi wolemererapo kuposa wa m'mafoniwo, koma chinthu chokhala pansi m'nyumba kulemera kwake sikudetsa nkhawa.

Tiyeni tiwerengere. 12.8V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1,280Wh, ndiyo mphamvu yonse imene batire limasunga (Wh ndi ma watt kuchulukitsa ndi maola). Pa mphamvu imeneyi mutha kudya 80 mpaka 90 peresenti usiku uliwonse popanda kulipweteka, kutanthauza pakati pa 1,000Wh ndi 1,150Wh. La asidi la 100Ah mukalidya kupitirira theka tsiku ndi tsiku limafa msanga, choncho zenizeni zimene limakupatsani ndi 600Wh basi. Ndiye lithium limodzi likugwira ntchito ya mabatire a asidi pafupifupi awiri. Limalemera makilogalamu 10 mpaka 13, pamene la asidi limayandikira 30, moti kuchoka nalo ku tauni kupita ku Kapata kapena ku Mchini pa kaliyala wa njinga si nkhani.

Nanga m'nyumba zikutanthauza chiyani? TV ya mainchesi 32 imadya pafupifupi 45W, decoder 15W, mababu anayi a LED a 7W ndi 28W, mafoni awiri 20W. Zonse pamodzi ndi 108W. Inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire (DC) kukhala a m'nyumba (AC), nayo imadya zake, ndipo posintha magetsi imataya 10 mpaka 15 peresenti, moti kubatire kumachoka pafupifupi 135W. Gawani 1,100 ndi 135, mupeza maola asanu ndi atatu, ndiye kuyambira 18:00 mpaka cha m'ma 02:00. Wometa tsitsi amene makina ake amadya 15W okha, kapena wa kakantemba kotchajira mafoni, atha tsiku lonse osadandaula. Mukawonjezera firiji nkhani imasintha, chifukwa firiji yapakati imadya 400 kapena 500Wh usiku umodzi m'nyengo yotentha. Batire limodzi likhoza kunyamula firiji ndi mababu, koma firiji ndi TV mpaka pakati pa usiku ndi kulifinya.

Pamabokosi amalemba kuti limatchajidwa maulendo 4,000 kapena 6,000. Manambala amenewo amayezera pa madigiri 25, akukoka magetsi modekha. Musawatenge ngati lonjezo. Komabe ngakhale litangokwanitsa maulendo 2,000 mpaka 3,000, zimenezo ndi zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu likugwira ntchito usiku uliwonse. Mabatire a asidi otsika mtengo amatha atatchajidwa maulendo mahandiredi ochepa chabe. Apa m'pamene mtengo wokwera wa lithium umabwerera, ngakhale pa tsiku logula umawawa.

Pamene limakhumudwitsa ndi pa zinthu zokoka magetsi ambiri. Chilichonse chimadutsa pa BMS, ndipo BMS ya mabatire ambiri a kukula kumeneku imalola 100A, ina 50A yokha. 100A ndi pafupifupi 1,280W, 50A ndi 640W. Ayironi ya magetsi, ketulo ndi hotplate iwalani, zimenezo zisiyireni mbaula. Mota wa firiji kapena wa pampu ya madzi ukamadzuka umakoka magetsi kangapo kuposa mlingo wake kwa kamphindi, ndipo BMS yaing'ono imadula nthawi yomweyo, nyumba yonse n'kuti bii. La asidi likanangogwada pang'ono n'kupitiriza, koma ili limatseka chitseko. Choncho nambala ya BMS ndi yofunika kuiona mofanana ndi 100Ah ija, ndipo wogulitsa amene sakuidziwa asakugulitseni.

Muli m'shopu momwemo pali zoyenera kuchita ndalama isanachoke m'manja. Choyamba liikeni pa sikelo. Selo lenileni la 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu awiri, anayi ndi makilogalamu asanu ndi atatu, kuwonjezera bokosi ndi BMS. Batire lolembedwa 100Ah koma lolemera makilogalamu asanu ndi limodzi likunama. Kenako ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pamitu yake iwiri yomangapo mawaya. Latsopano limachoka kufakitale lili pafupifupi theka, ndiye liyenera kuonetsa pakati pa 13.0V ndi 13.3V. Likaonetsa pansi pa 12V lakhalitsa m'sitolo mpaka kuuma, ndipo simudziwa kuti lakhala chomwecho miyezi ingati. Onani ngati bokosi latupa m'mbali, ligwedezeni pang'ono mumve ngati m'kati muli chogubuduka. Kapepala ka malangizo kakhalepo, ndipo zaka za waranti zilembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya batirelo. Waranti ya pakamwa imauluka ndi mphepo. Wogulitsa akadzakana pamene lisiti lilipo, bungwe la CCPC ndilo limalandira madandaulo a ogula.

Sikelo siigwira chinyengo chonse. Pali mabatire opangidwa ndi maselo amene anagwirapo kale ntchito kwina, kapena amene fakitale inawakana. Kulemera kwake n'kofanana ndi abwino. Amenewa amadziwika poyeza kunyumba, ndipo muyeze sabata yoyamba yomweyo. Litchajeni mpaka lidzaze. Pezani mababu awiri a kutsogolo kwa galimoto, a 55W, amene lililonse limakoka pafupifupi 5A. Alumikizeni onse awiri, muyeze ndi mita kuti mudziwe ma amp enieni, mulembe nthawi. Asiyeni ayake mpaka batire litsike kufika 12.0V kapena BMS idule. Ma amp kuchulukitsa ndi maola ndiwo ma Ah enieni. Ngati akukoka 9.5A n'kuyaka maola khumi, batire lanu ndi loona. Akazima pa maola asanu ndi limodzi, munagula 60Ah pa mtengo wa 100Ah, ndipo bwererani nalo lisiti lidakali loyera. Mababuwo amatentha kwambiri, apachikeni kutali ndi nsalu ndi ana. Mukamaliza tchajaninso tsiku lomwelo.

Tsopano pa controller, pamene mabatire ambiri amafera.

Controller yopangidwira batire la asidi ili ndi zizolowezi zitatu zimene lithium sagwirizana nazo. Choyamba ndi chimene chimalembedwa equalize pa sikirini: kamodzi pa mwezi imakweza voltage kufika 14.8V, zina mpaka kupitirira 15V, kuti asidi abwate ndi kusakanikirana. Gawani 14.8 ndi maselo anayi, mupeza 3.7V, kupitirira malire a 3.65V aja. BMS imadula kuti ipulumutse maselo. Koma ikadula dzuwa lili paliwombo, magetsi a panelo amasowa kolowera, ndipo pa ma controller otsika mtengo voltage imalumpha kwa kamphindi n'kuotcha mababu, TV ya 12V kapena controller yomwe. Munthu amadabwa kuti zinthu zikupsa masana popanda mphezi.

Chachiwiri, controller ya asidi imasintha voltage malinga ndi kutentha kwa mpweya. Kukazizira imakweza. M'mawa wa mu Juni kapena Julayi, kukakhala madigiri 10, 14.4V imene munaika imakwera kuyandikira 14.7V. Lithium safuna kusinthasintha kumeneku. Chachitatu ndi float, yosunga batire pa 13.8V tsiku lonse litadzaza kale. La asidi limakonda zimenezo chifukwa likakhala losadzaza limachita dzimbiri loyera pamapuleti ake. Lithium likakhala lodzaza thothotho maola ambiri tsiku lililonse, makamaka kukutentha, limakalamba msanga.

Manambala oyenera kuika ndi awa. Voltage yotchajira ikhale 14.2V mpaka 14.4V, ndipo ikafika pamenepo ikhalepo mphindi 30, osapitirira ola limodzi. Float ikhale 13.5V kapena izimitsidwe. Equalize izimitsidwe, ndipo ngati siizimitsika, voltage yake muiike yofanana ndi yotchajira, nthawi yake pa ziro. Kusintha kotsatira kutentha kuikidwe pa ziro. Podulira magetsi batire likatsika pakhale 12.0V, poyatsiranso 12.8V kapena 13.0V. Ma inverter ambiri amabwera atachunidwa kudula pa 10.5V, mlingo wa asidi. Pa lithium 10.5V ndi pansi penipeni pa chitsime. Ngati inverter yanu imalola, ikwezeni ifike 11.8V kapena 12.0V, kuti idule yokha BMS isanadule. BMS ndi mlonda wa pangozi, isamagwire ntchito ya switch ya usiku uliwonse.

Ngati controller yanu ili ndi mitundu itatu yokha, ya sealed, gel ndi flooded, sankhani gel mongoyembekezera, chifukwa pa ambiri imatchaja pa 14.2V ndipo siichita equalize. Koma yambani kusunga ndalama ya controller yokhala ndi malo a lithium kapena olembamo manambala anu. Chenjerani ndi tima controller tabuluu totsika mtengo tokhala ndi b01, b02 ndi b03. Tanthauzo la zilembozi limasiyana malinga ndi wopanga. Pa tina, malo olembedwa lithium ndi a mtundu wa m'malaputopu wa maselo atatu, wodzaza pa 12.6V. Mukasankha amenewo batire lanu silidzatchajidwa n'komwe, popeza pa 12.6V la LiFePO4 limakhala litatsala pang'ono kutha. Musakhulupirire dzina, pitani pa nambala: iyenera kukhala pakati pa 14.2 ndi 14.6. Polumikiza, yambani ndi batire kenako panelo. Pochotsa, yambani ndi panelo.

Batire la 100Ah limatchajika bwino pa 20A, kudzaza m'maola asanu. Ambiri amalola mpaka 50A, koma kuthamangitsa kumatenthetsa maselo popanda phindu. Panelo ya 300W pa controller ya MPPT, mtundu umene umakolola bwino mphamvu ya panelo, imapereka pafupifupi 20A masana, ndipo pa maola asanu a dzuwa lamphamvu imabweza zimene munadya usiku. Panelo ya 100W imapereka 5A ndi pang'ono, osakwana 30Ah pa tsiku. Kugula batire lalikulu n'kulipatsa kapanelo kotero kuli ngati kumanga nkhokwe yaikulu pa munda wa mizere khumi. Mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikachuluka, ngakhale ya 300W ija imaperewera masiku ena. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, ndipo fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala muzilipukuta sabata iliyonse.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi kudziwa kuti mwatsala magetsi ochuluka bwanji. Pa asidi munthu ankangoona voltage n'kudziwa. Lithium uyu voltage yake siisuntha kwenikweni. Likapuma theka la ola popanda kutchaja kapena kukoka, lodzaza limaonetsa 13.4V kapena kuposerapo pang'ono, la 70 peresenti pafupifupi 13.2V, la 40 peresenti 13.1V, la 20 peresenti 12.9V. Kenako limagwa mwadzidzidzi ngati munthu wotsetsereka pa chulu. Kusiyana kwa 0.1V kutha kukhala magetsi a maola awiri. N'chifukwa chake timizere ta pa inverter timaonetsa kuti ladzaza usiku wonse, kenako zonse n'kuzima kamodzi. Timizereto tinachunidwira asidi. Chothandiza ndi mita yowerenga ma amp olowa ndi otuluka, yokhala ndi kachitsulo kotchedwa shunt koika pa waya wa negative. Mabatire ena ali ndi Bluetooth yoonetsa maperesenti ndi voltage ya selo lililonse pa foni. Ngati kusiyana kwa mtengo sikwakukulu, tengani la Bluetooth, chifukwa ndi njira yosavuta yoonera selo lodwala osatsegula bokosi.

Maselo anayi aja sayenda limodzi mpaka kalekale. Pang'onopang'ono lina limatsogola, lina limatsalira. Potchaja, lotsogola limafika 3.65V anzake asanadzaze, BMS n'kudula. Pogwiritsa ntchito, lotsalira limayamba kutha, BMS n'kudulanso. Batire lonse limaoneka ngati lachepa mphamvu pamene maselo ali bwinobwino. BMS imawafananitsa, koma imatero pokhapokha selo likadutsa pafupifupi 3.4V, ndipo imachita ndi timagetsi tochepa kwambiri, nthawi zambiri osakwana 0.1A. Ndiye batire limene silidzaza n'komwe, monga la kapanelo ka 100W kaja kapena la m'nyengo ya mvula, silipeza mpata wofananitsa. Lilekeni lifike 14.2V kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Ngati lapatukana kale, liikeni pa tchaja ya lithium pa 14.0V mpaka 14.2V kwa maola angapo masiku angapo otsatizana, nthawi zambiri limabwerera. Apa pakuoneka ngati tikudzitsutsa, popeza tanena kuti silikonda kukhala lodzaza. Kufika pamwamba n'kutsika sikulipweteka. Chimene chimalipweteka ndi kugonera pamwambapo.

Tsiku lina mudzapeza multimeter ikuonetsa 0V kapena manambala osamveka ngati 3V. Musathamangire kunena kuti lafa. Kawirikawiri ndi BMS imene yatseka batire litatsika kwambiri. Vuto n'lakuti ma controller ambiri amafuna kuona voltage ya batire kuti adzuke, ndipo batire likudikira controller kuti litseguke, ndiye onse awiri amangoyang'anana. Chotsani zonse zokoka magetsi. Gwiritsani ntchito tchaja ya lithium imene imatha kudzutsa batire la 0V. Ngati palibe, tengani batire lina la 12V, mulumikize positive ku positive ndi negative ku negative kudzera pa babu la galimoto la 21W kwa masekondi angapo mpaka voltage ioneke, kenako muchotse n'kulumikiza controller. Chofunika ndi kusachedwa. BMS imapitiriza kudya pang'onopang'ono ngakhale itatseka, ndipo batire losiyidwa chomwecho masabata ambiri maselo ake amatsika pansi pa 2V n'kuwonongekeratu. Lotere kulikakamiza ndi tchaja yamphamvu n'kuika nyumba pa ngozi.

Mdani wamkulu kuno kwathu ndi kutentha. Mabuku a kunja amachenjeza kwambiri za kutchaja pansi pa madigiri 0, zimene ku Chipata sizitikhudza. Ife chathu ndi Okutobala. Mu tauni kumadutsa madigiri 30 masiku ambiri, kuchigwa cha Luangwa, ku Mfuwe ndi madera otsika a Nyimba, kumafika 40 n'kupitirira, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i chotsekedwa masana kumatentha kuposa panja. Akatswiri a mabatire amayerekeza kuti madigiri 10 aliwonse owonjezera pa 25 amafulumizitsa kukalamba pafupifupi kawiri. Opanga ambiri amalemba kuti lisatchajidwe pa kutentha koposa madigiri 45. Ndipo nthawi imene dzuwa likutchaja mwamphamvu ndi yomweyo imene chipinda chatentha kwambiri.

Choncho malo oika batire asankhidwe mwanzeru, osati kungoona pamene waya wathera. Mpweya wotentha umakwera, ndiye pashelefu ya pafupi ndi denga m'poipitsitsa. Likhale pansi, pa thabwa kapena pa njerwa kuti madzi okolopera ndi a mvula yodontha asalifike. Lisatsamire khoma la kumadzulo, limene limamwa dzuwa la masana n'kumatulutsa kutenthako mpaka usiku. Lisakhale m'khitchini pafupi ndi mbaula, kapena m'kabati yotsekeka pamodzi ndi inverter imene imapuma mpweya wotentha. Siyani mpata wa chikhatho mbali zonse. Ambiri amalifunditsa nsalu poopa fumbi kapena maso a akuba. Bokosi lake ndi lotsekedwa kale, fumbi sililowa, koma nsaluyo imasunga kutentha. A m'makontena ndi m'mashopu a malata, chonde ikani kathemometa pafupi nalo mu Okutobala muone nokha.

Pa mawaya pamafunika kusaumira. Inverter ya 1,000W pa 12V imakoka pafupifupi 90 mpaka 100A ikadzaza, ndipo magetsi otere amafuna waya wa kopa wa 25mm² kapena 35mm², wosatalika kupitirira mita imodzi ndi theka. Mawaya odzutsira galimoto otsika mtengo amaoneka onenepa koma ndi pulasitiki, m'kati muli tingwe tochepa, mwinanso ta aluminiyamu topaka utoto wa kopa. Palani ndi mpeni, pakayera dziwani kuti si kopa. Waya wochepa amatentha, amadya voltage, inverter n'kumalira kuti batire latha pamene lili lodzaza. Fyuzi ya DC ya 125A ikhale pa waya wa positive, osapitirira masentimita 20 kuchokera pamutu wa batire. Breaker ya m'nyumba ya AC siilowa m'malo mwake, chifukwa moto wa DC suzima msanga ukalumpha. Ena amati BMS ilipo kale, fyuzi n'njachiyani. BMS ndi timatransistor, ndipo tikapsa nthawi zambiri timapsa titatseguka, magetsi n'kumangodutsa.

Zopanira za mano a ng'ona zija zichotseni. Mawaya akhale ndi ma lug, tizitsulo ta bowo ta kumapeto kwa waya, ofinyidwa bwino, omangidwa ndi bawuti yake, nthawi zambiri ya M8. Lug igone pamutu wa batire mwachindunji, washala akhale pamwamba pake, osati pakati. Mangani mothina koma osakoka ndi mphamvu zonse, mazinga a m'kati mwa mutuwo ndi ofewa. Mukayatsa zinthu theka la ola, gwirani pamutupo ndi chala. Pakatentha ndiye kuti papwepwera. Muziyang'ananso pakatha miyezi itatu iliyonse, pamodzi ndi mano a makoswe pa mawaya, makamaka nthawi yokolola chimanga ndi nsawa zikalowa m'nyumba. Polumikiza inverter koyamba pamathetheka moto waukulu chifukwa ma capacitor ake, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwake, amameza magetsi kamodzi, ndipo BMS ina imaona ngati mawaya agundana n'kutseka. Babu la 21W lija limathandizanso pamenepa: lidutsitseni pakati pa waya ndi mutu wa batire kwa masekondi asanu, likazima mangani waya.

Musaliphatikize ndi batire lakale la asidi pofuna kuwonjezera mphamvu. Lithium limapuma pa voltage yokwererapo, ndiye usiku wonse limakhala likudyetsa mnzakeyo. Mabatire a lithium awiri ofanana mutha kuwalumikiza positive ku positive, koma muyambe mwadzaza lililonse palokha, asasiyane kupitirira 0.1V, ndipo mawaya awo akhale ofanana kutalika. Kuwalumikiza motsatizana kuti mupeze 24V kumatheka pokhapokha kapepala ka wopanga katalola. Silodzutsira galimoto. Kulitchaja mwachindunji pa alternator ya minibasi kapena ya Canter n'koopsa kwa alternator yo, chifukwa lithium limameza magetsi onse amene ingapereke mpaka kutenthetsa, makamaka injini ikungolira pamalo amodzi. Pamafunika pakati tchaja ya DC-DC, yochepetsa magetsi amene batire likukoka ku alternator.

Mukamachoka kwa nthawi yaitali, monga aphunzitsi pa holide kapena amene amasamukira kumunda nthawi ya dzinja, lisiyeni lili pakati pa 50 ndi 60 peresenti, cha pa 13.1V mpaka 13.2V, mutachotsa waya wa negative. Inverter yosiyidwa yolumikizidwa imadya 10 mpaka 25W ngakhale palibe choyaka, ndipo imatha kuumitsa batire m'masiku osakwana asanu. Lochotsedwa bwino limataya 2 kapena 3 peresenti pa mwezi. Pakatha miyezi itatu liyezeni.

Tipatuke pang'ono, popeza amene amagula batireli amatchajiranso mafoni ndi ma power bank. Lithium wa m'menemo ndi wina, selo lake ndi la 3.7V ndipo limadzaza pa 4.2V kapena kuposerapo. Ameneyo ndiye wosachedwa kugwira moto, ndipo amakhalitsa mukamamusunga pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Foni isatchajidwe pansi pa pilo kapena padzuwa pa dashibodi. Maselo a 18650 a m'matochi enieni kawirikawiri sapitirira 3,500mAh ndipo amalemera magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. Olembedwa 9,900mAh opepuka ngati chitsononkho ndi abodza. Tchaja ya maselo amenewa ndi ya LiFePO4 sizibwerekana.

Bokosi likatupa, likamanunkha fungo lotsekemera ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, kapena likamatentha palibe chimene likuchita, chotsani mawaya, mulitulutse panja pa dothi kutali ndi udzu ndi denga la nyumba. Musaliboole ndipo musaliike pa tchaja kuti muone ngati lichira. Likayamba kufuka utsi talikirani, utsiwo ndi wapoizoni ndipo umayaka. Madzi ambiri othira muli patali amaziziritsa, bola malaiti a ZESCO ndi panelo zikhale zochotsedwa. Likatha ntchito, matani tepi pamitu yake. Lisapite m'dzenje la zinyalala limene mumatentha kapena m'chimbudzi. Zinyalala zoopsa zimayang'aniridwa ndi ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo ndi bwino kufunsa wogulitsa pa tsiku logula ngati amalandira akutha. Pano la asidi likuposa: ogula zitsulo zakale amalifuna chifukwa cha mtovu wake ndipo amakupatsani kandalama, pamene la lithium ambiri salifuna.

Ndani agule? Wa nyumba ya TV, mababu ndi mafoni usiku uliwonse, wa barbershop, wa shopu yosindikiza ndi kutchaja mafoni, kapena wa kumudzi ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi amene watopa kusintha batire la asidi chaka ndi chaka. Amene amangofuna mababu awiri ndi wailesi sakufunika 100Ah, la 30Ah kapena 50Ah limukwanira. Powerengera ndalama muphatikizepo controller yoyenera, fyuzi, waya ndi ma lug, ndipo ngati zikukwana batire lokha, ndi bwino kudikira mwezi wina kusiyana n'kulimangirira pa zipangizo za asidi. Amene akufuna kuyendetsa firiji, freezer ndi pampu pamodzi, kapena chilichonse chopitirira 1,000W kwa maola, asaunjike mabokosi a 12V. Apite ku batire limodzi la 24V kapena 48V, kumene ma amp amatsika ndi theka kapena kupitirira, waya amachepa, ndipo BMS imodzi imaona maselo onse.